Tsamba lobiriwira pa paketi si umboni: mmene mungazindikirire katundu wosamaladi chilengedwe

Masiku ano chilichonse akuti chikusamala chilengedwe. Sopo walembedwa "natural", jumbo yalembedwa "biodegradable", uchi wa pa WhatsApp status ndi "100% organic", makala nawo ndi "eco", ndipo malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno anadzipatsa kale dzina loti "eco-lodge". Mawu amenewa amayendetsa malonda, komanso nthawi zambiri amakweza mtengo. Ogulitsa ena akunena zoona. Ena angojambula tsamba lobiriwira pa paketi basi.

Kwa ife a ku Nkhotakota nkhaniyi si yapatali. Ndiwo zathu zimachokera m'nyanja, mpunga wathu umadalira madzi a Bua ndi mitsinje ina, ndipo nkhalango yosungira nyama ili pakhomo pomwepa. Munthu akatinamiza kuti katundu wake ndi wosamala chilengedwe timaluza pawiri: ndalama yapita, ndipo jumbo ija ikadali ikuyandama padoko. Nkhaniyi ikuthandizani kusiyanitsa chizindikiro chenicheni ndi chongokongoletsa, muli chiimirire m'shopu pa boma, pa Dwangwa kapena pamsika wa nsomba pa Chia. Isungeni m'foni, mudzaifuna.

Greenwashing n'chiyani?

Ndi pamene kampani kapena wogulitsa akudzionetsa ngati wosamala chilengedwe kuposa mmene alili. Pa Chichewa tingoti kumata anthu phula m'maso ndi utoto wobiriwira. Mawuwa anatchuka kuchokera mu 1986, pamene Jay Westerveld wa ku America analemba za mahotela omwe ankapempha alendo kuti azigwiritsanso ntchito matawulo awo kuti "apulumutse dziko", chonsecho phindu lenileni linali loti hotelayo ichepetse ndalama zochapira.

Musaganize kuti zimenezi amachita ndi a timashopu tating'ono tokha. Mu September 2015 kampani ya Volkswagen inagwidwa ku America itaika pulogalamu m'magalimoto ake a dizilo yonamiza makina oyezera utsi. Poyezedwa galimoto inkaoneka yaukhondo, pamsewu n'kumatulutsa utsi woipa wochuluka. Magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anakhudzidwa. Mu 2020 bungwe la European Commission linaunika zomwe makampani amalemba pa katundu wawo zokhudza chilengedwe, ndipo linapeza kuti 53 pa 100 zilizonse zinali zosamveka bwino kapena zosocheretsa, pomwe 40 pa 100 zinalibe umboni. Ngati zili choncho kumene kuli malamulo okhwima, kuli bwanji pa Facebook Marketplace kuno kwathu?

Bodza lamtunduwu silivala malaya amodzi. Pali lija la mawu opanda malire, monga "eco-friendly" kapena "green", omwe aliyense angalembe chifukwa satanthauza chinthu choyezeka. Pali la kutama kanthu kamodzi kabwino n'kubisa zazikulu zoipa, ngati chakumwa chonyadira kuti chivindikiro chake n'chobwezerezedwanso pomwe botolo lonselo likathera m'ngalande. Palinso la kujambula kachidindo kokongola kooneka ngati ka bungwe, koma wojambula ndi mwini katundu yemweyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Satifiketi yeniyeni imakhala yotani?

Wophunzira sadzichongera yekha mayeso a MSCE. Amachonga ndi a MANEB, ndipo satifiketiyo imakhala ndi nambala yoti wolemba ntchito angathe kuitsimikizira. Ndi chimodzimodzi ndi zizindikiro za pa katundu. Chenicheni chimakhala ndi muyezo wolembedwa woti aliyense angawerenge, chimaperekedwa ndi bungwe lina lomwe si mwini katunduyo, oyendera amabwera kudzaona kumunda kapena kufakitale, ndipo satifiketiyo imatha ntchito kapena kulandidwa ngati malamulo aphwanyidwa. Zambiri zimakhalanso ndi nambala yofufuzika pa intaneti.

Mfundo yomwe ambiri amaiphonya ndi iyi: chizindikiro chilichonse chimalonjeza chinthu chake chokha. Cha mitengo sichinena za malipiro a alimi a tiyi, cha malipiro sichinena ngati paketiyo imaola. Ndiye musamangofunsa kuti "chili ndi chidindo?" Muzifunsanso kuti chidindocho chikulonjeza chiyani.

Zizindikiro zomwe mungakumane nazo

MBS. Ichi ndi cha Malawi Bureau of Standards, bungwe la boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo likulu lake lili ku Blantyre. Mumachiona pa madzi a m'mabotolo, mafuta ophikira, ufa, mpunga wa m'mapaketi ndi zina. Chimanena kuti katunduyo anayezedwa ndipo akukwanira pa muyezo wa dziko lino wa ubwino ndi chitetezo kwa wogula. Si chizindikiro cha chilengedwe. Madzi a m'botolo angakhale ndi chidindo cha MBS koma botolo lake n'kukhalabe chinyalala. Komabe poyambira ndi pomwepa: chakudya chopakidwa chomwe chikudzitama kuti ndi "organic" chilibe ngakhale cha MBS, muyambe mwakayika.

Fairtrade. Ndi kachizindikiro kakuda kokhala ndi mtundu wa buluu ndi wobiriwira, kooneka ngati munthu wakweza dzanja. Cholinga chake chachikulu ndi malonda achilungamo kwa alimi ndi antchito, ngakhale chilinso ndi malamulo ena a chilengedwe monga kuletsa mankhwala ena oopsa. Oyendera ake ndi a FLOCERT. Kuno ku Malawi magulu odziwika omwe analowa m'ndondomekoyi ndi monga alimi a nzimbe a Kasinthula ku Chikwawa, alimi a tiyi a Sukambizi ku Mulanje ndi alimi a mtedza a ku Mchinji omwe ali pansi pa NASFAM. Pa shuga, ogula amawonjezera madola 60 a ku America pa tani iliyonse, ndalama yomwe alimi amagwirizana okha chochita nayo. Kwa boma lolima nzimbe ngati lathu, nkofunika kudziwa kuti Fairtrade si organic. Nzimbe zothiridwa feteleza zingathe kukhala za Fairtrade.

Rainforest Alliance. Ka chule kaja. Bungweli linayamba mu 1987 ndipo mu 2018 linaphatikizana ndi lina lotchedwa UTZ. Mumakaona pa tiyi, khofi ndi chokoleti, ndipo minda ina ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje ili ndi satifiketi imeneyi. Limayang'ana za kusadula nkhalango, kusamala madzi ndi nthaka, ndi ufulu wa ogwira ntchito. Nalonso silitanthauza kuti mbewuyo inalimidwa popanda mankhwala.

FSC. Kamtengo kokhala ndi kachongi, ka bungwe la Forest Stewardship Council lomwe linayamba mu 1993. Yang'anani pa makatoni a juwisi ndi mkaka, mapepala osindikizira ndi makope ena. Pamakhala mawu atatu osiyana: "FSC 100%" ndiye kuti zonse zachokera m'nkhalango zoyenderedwa, "FSC Recycled" ndi zobwezerezedwanso, pomwe "FSC Mix" ndi zosakaniza. Pansi pake pamakhala nambala yoyamba ndi FSC-C, yomwe mungaifufuze pa webusaiti ya bungweli n'kuona dzina la kampani ndi ngati satifiketi ikugwirabe ntchito.

Organic. Mawu okhawa aliyense angalembe. Satifiketi ya organic imafuna kuti munda uyenderedwe ndi mabungwe monga Ecocert kapena Soil Association, kuti pakhale zolemba za zonse zothiridwa m'mundamo, ndiponso kuti padutse zaka ziwiri kapena zitatu munda utasiya feteleza ndi mankhwala a m'sitolo. Chizindikiro cha mayiko a European Union ndi tsamba lopangidwa ndi tinyenyezi toyera pa mtundu wobiriwira, ndipo chimayenda ndi nambala ya bungwe lomwe linayendera. Tsamba lopanda nambala ndi chithunzi chabe.

VeraSol. Ichi n'chofunika kwa ogula nyali za sola ndi timasola ta panyumba. Ndondomekoyi inalowa m'malo mwa ya Lighting Global mu 2020, ndipo imayeza ngati katundu akuchitadi zomwe zalembedwa pa bokosi: kuwala kwake, maola omwe batire imakhala, kulimba kwake ndi waranti. Ali ndi mndandanda pa intaneti woti mulembemo dzina la katunduyo. Nyali ya sola yofa pakatha miyezi iwiri siyosamala chilengedwe, chifukwa batire yake ikathera kudzala. Ngati mukuikitsa sola yaikulu, funsani ngati woikayo ali ndi chilolezo cha MERA.

Zizindikiro zomwe zimatipusitsa

Timivi titatu tozungulira tokhala ndi nambala pakati, kuyambira 1 mpaka 7, timangonena mtundu wa pulasitiki. Nambala 1 ndi PET, ya mabotolo a madzi ndi zakumwa. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu zambiri. Sizikutanthauza kuti botololo likabwezerezedwanso. Kuti zimenezo zitheke pamafunika wotolera ndi fakitale yolandira. Popanda amenewo, botolo lija likatumikira thobwa kangapo kenako likalowa mumtsinje.

Timivi tiwiri tokulungana m'kabwalo, tomwe timapezeka pa mafuta odzola ndi zina zochokera kunja, ndi Green Dot. Tanthauzo lake n'loti kampaniyo inapereka ndalama ku ndondomeko yotolera zinyalala m'mayiko ena a ku Ulaya. Ku Benga kapena ku Mwansambo sikakhudzako chilichonse. Kamunthu kotaya chinyalala m'bini nako ndi pempho chabe loti musataye paliponse.

Alimi a mpunga ndi ndiwo zamasamba, chenjerani ndi mtundu wobiriwira pa botolo la mankhwala ophera tizilombo. Umangosonyeza kuti mankhwalawo ali m'gulu loopsa pang'ono poyerekeza ndi ena. Ndi poizoni ndithu, ndipo kutsukira sipuleya mumtsinje kumapha nsomba. Choyenera kuyang'ana ndi ngati analembetsedwa ku Pesticides Control Board.

Nanga "natural"? Katupe ndi wachilengedwe, koma mukamuthira padziwe nsomba zonse zimayandama. Fodya naye amamera m'munda. Mafuta oyeretsa khungu ambiri amalembedwa "natural" kapena "herbal", chonsecho ena mwa iwo amapezeka ndi mercury kapena mankhwala ena owononga khungu ndi impso. Mawuwa asakulepheretseni kuwerenga mndandanda wa zomwe zili m'katimo. Ngati mndandandawo palibe, chimenecho ndiye chizindikiro chokwanira.

Nkhani ya majumbo

Apa pali lamulo, si nkhani ya kukonda kwa munthu. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Makampani opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti, ndipo pa 31 July 2019 khoti la Supreme linagamula kuti chiletsocho chipitirire. Ziletso zina za kukhoti zinabweranso pambuyo pake, mpaka kumayambiriro kwa 2025 pamene njira inatseguka kuti bungwe la Malawi Environment Protection Authority, MEPA mwachidule, liyambenso kukhwimitsa lamuloli.

Ndiye mukaona jumbo yopyapyala yolembedwa "eco" kapena "degradable", musatengeke. Pali mtundu wina wotchedwa oxo-degradable, womwe ndi pulasitiki wamba wothiridwa mankhwala oti azimuphwanya akakhala padzuwa. Saola ngati khoko la nthochi. Amangosweka n'kukhala tizidutswa tosaoneka bwino ndi maso, tomwe timalowa m'nthaka ndi m'madzi, nsomba n'kumeza. Mayiko a European Union anauletsa kuyambira mu July 2021. Ngakhale zolembedwa "compostable", zambiri zimaola bwino m'malo apadera otentha kwambiri opangira manyowa, osati padzala la kuseri kwa nyumba.

Chosamala chilengedwe chenicheni pankhaniyi sichifuna chidindo. Dengu, chikwama cha mlaza, kathumba kosokedwa ndi chitenje chakale, kapena beseni lomwe amayi amanyamulira usipa. Chomwe mwagwiritsa ntchito kambirimbiri chimaposa chomwe mwagwiritsa kamodzi, kaya chalembedwa chiyani.

Makala, mbaula ndi ma carbon credit

Lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020 n'kukhwimitsa zilango, limafuna kuti wootcha makala akhale ndi chilolezo cha nthambi ya za nkhalango. Makala ovomerezeka alipo, ndipo chitsanzo chodziwika ndi a Kawandama Hills kumapiri a Viphya, ochokera ku mitengo ya bulugamu yodzalidwa. Wina akakuuzani kuti makala ake ndi "legal" kapena "sustainable", funsani dzina la wopanga ndi chilolezo chake. Thumba lopanda dzina, lodzaza makala olemera a mitengo yachilengedwe monga tsamba ndi muwanga, ladzifotokoza lokha kumene lachokera.

Ma briquette opangidwa ndi mankhusu a mpunga, utuchi kapena zotsalira zina za kumunda ndi nzeru yabwino, makamaka kuno komwe mankhusu amangounjikana kuzigayo. Koma funsani chomwe anapangira. Ngati mbali yaikulu ndi fumbi la makala omwe aja osaloledwa, mtengo unagwa ndithu.

Tsopano za mbaula. Mwina kumudzi kwanu kunabwera anthu ogawa mbaula zosatha nkhuni, kwaulere kapena motchipa, akulemba mayina ndi kujambula zithunzi. Nthawi zambiri ndalama yake imachokera ku ma carbon credit. Credit imodzi imaimira tani imodzi ya mpweya wa carbon dioxide yomwe akuti yapewedwa. Makampani akunja amagula ma credit amenewa kenako n'kumalengeza kuti katundu kapena ulendo wawo wa pandege ndi "carbon neutral". Mabungwe akuluakulu olembetsa mapulojekiti oterewa ndi Verra ndi Gold Standard, ndipo onse awiri ali ndi kaundula wa pa intaneti woti aliyense angawerenge. Nkhotakota ilimo m'malonda amenewa: pulojekiti ya Kulera, yokhudza midzi yozungulira Nyika, Vwaza ndi nkhalango ya Nkhotakota, inalembetsedwa pa muyezo wa Verra, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, Total LandCare ndi Terra Global Capital.

Mbaula yabwino monga Chitetezo imachepetsadi nkhuni ndi utsi ngati ikugwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Vuto limakhala pa kawerengedwe. Ngati mbaula inasweka, kapena banja linabwerera ku mafuwa atatu, koma m'mabuku ikuwerengedwabe, ndiye kuti wina kunja akugula mpweya womwe sunapewedwe. Mu October 2024 akuluakulu oimba milandu ku New York anatsegulira mlandu Kenneth Newcombe, yemwe anali mkulu wa kampani ya C-Quest Capital, pomuganizira kuti anasintha manambala a mapulojekiti a mbaula, kuphatikizapo ena a ku Malawi ndi Zambia. Iye anakana milanduyo, ndipo kuimbidwa mlandu si kupezeka wolakwa. Koma Verra inafafaniza ma credit pafupifupi 5 miliyoni a kampaniyo. Apa tikuona kuti ngakhale chidindo cha bungwe lalikulu chimadalira chilungamo cha manambala ochokera kumudzi.

Choncho akabwera pakhomo panu, muli ndi ufulu wofunsa. Pulojekitiyi dzina lake ndani, inalembetsedwa kuti? Pepala lomwe ndikusainali likunena chiyani za ma credit? Mbaula ikasweka abwera ndani? Mudzi upindula chiyani, ndipo ndalamazo zidutsa m'manja mwa yani? Ndipo akadzabweranso kudzafunsa ngati mukuigwiritsa ntchito, yankhani zoona, osati zowasangalatsa.

Nsomba zilibe sitika

Kunja kuli chizindikiro cha buluu cha Marine Stewardship Council, cha nsomba zogwidwa mosamala, ndipo mwina mungachione pa zitini zina zochokera kunja. Koma chambo cha pa Chia, usipa wa pathandala kapena kampango wowamba sabwera ndi sitika. Apa woyendera ndinu nomwe.

Mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pachiopsezo chachikulu chotheratu. Mpasa, womwe umakwera mtsinje wa Bua kukaswana, nawo wachepa kwambiri poyerekeza ndi kale. N'chifukwa chake pali nyengo yotseka nyanja, yomwe kwa asodzi a makoka imayamba mu November, nthawi yomwe chambo chimaswana. N'chifukwa chakenso kuphera nsomba neti ya udzudzu ndi maukonde a maso ang'onoang'ono n'koletsedwa, ndipo makomiti a m'madoko, ma BVC aja, amayang'anira zimenezi limodzi ndi nthambi ya za usodzi. Bungwe la Ripple Africa lakhala likugwira ntchito ndi makomiti oterewa m'maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo lathu lino.

Ndiye munthu akalemba pa Facebook kuti "fresh chambo, sustainably caught" pakati pa December, mufunseni kuti chagwidwa kuti ndipo ndi chiyani. Ngati akuti n'cha m'damu kapena m'makhola oweteramo nsomba, atchule malo ake. Ngati pa mulu pali kasawala, ana a chambo osafika n'komwe poswana, mawu achingerezi aja alibe ntchito. Kukana kugula kasawala kumathandiza nyanja kuposa kugawana ma post khumi a tsiku la chilengedwe.

Anzathu a ku Salima ali ndi chitsanzo chabwino pachilumba cha Mbenji, m'dera la Senior Chief Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, usodzi umatsekedwa kumeneko nyengo ya mvula, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Palibe logo, koma zofunika zonse zilipo: lamulo lodziwika kwa aliyense, oyang'anira, ndi chilango.

Nanga ma eco-lodge?

Chichokereni pamene African Parks inayamba kuyendetsa nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, ndi kubweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, dzina la boma lino lamveka kwa alendo okonda zachilengedwe. Malo ogona ambiri akufuna alendo amenewo. Denga la udzu ndi mipando ya nsungwi n'zokongola pa Instagram, koma mafunso enieni ali kuseri kwa khitchini. Madzi a m'zimbudzi amapita kuti? Zinyalala amazitani? Amaphikira chiyani? Nsomba amagula kwa yani nthawi yotseka nyanja? Antchito ndi a m'midzi yozungulira, ndipo asodzi akuloledwabe kudutsa pagombe? Malo ochitadi bwino sakwiya ndi mafunso amenewa, amakutengani kukakuonetsani.

Mafunso asanu musanatulutse ndalama

1. Akulonjeza chiyani kwenikweni? "Botololi lapangidwa ndi pulasitiki wobwezerezedwanso theka" ndi lonjezo loyezeka. "Timakonda dziko lathu" ndi nyimbo chabe.

2. Wanena ndani? Ngati ndi mwini katundu yekha, amenewo ndi malonda. Fufuzani dzina la bungwe lina lomwe linayendera.

3. Nambala ilipo? Lembani dzina la chizindikirocho pa Google, lowani pa webusaiti ya bungwelo, fufuzani nambalayo kapena dzina la kampani. Bundle ya Facebook yokha siikwanira apa, koma ndi ma MB ochepa. Chithunzi cha satifiketi chotumizidwa pa WhatsApp si umboni, chifukwa foni iliyonse ingachikonze.

4. Lonjezolo likukhudza chiyani, katundu kapena paketi yokha? FSC pa katoni ya juwisi ikunena za katoniyo, osati za juwisi.

5. Ndikamaliza kugwiritsa ntchito, chithera kuti kuno kwathu? Osati ku Germany, koma ku Nkhotakota.

Safunsa anadya phula. Wogulitsa woona amayankha mosavuta, ndipo ngati sakudziwa amanena kuti sakudziwa.

Mukapusitsidwa mupite kuti?

Kunamiza ogula n'kulakwira malamulo. Tili ndi Consumer Protection Act ya 2003, komanso Competition and Fair Trading Act yatsopano ya 2024, yomwe inapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipiritsa chindapusa ochita malonda mwachinyengo. Nkhani za kutsatsa malonda monama zimapita kumeneko. Za chidindo chabodza cha MBS kapena katundu wosakwanira pa muyezo, dziwitsani a MBS. Za mapulasitiki oletsedwa ndi kutayira zoipa m'madzi, ndi a MEPA kapena ofesi ya zachilengedwe ku khonsolo ya boma lino. Za makala pitani ku ofesi ya nkhalango, za nsomba yambani ndi BVC ya padoko lanu kapena ofesi ya usodzi. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalo limalankhulira ogula.

Sungani paketi, risiti ngati ilipo, ndi screenshot ya malonda aja isanafufutidwe. Ndipo aise, musathamangire kutchula munthu kuti wakuba pa gulu la WhatsApp musanatsimikize. Mungathe kuwononga geni ya munthu wosalakwa, kapena kudzipezera mlandu nokha.

Kwa inu amene mukugulitsa

Achinyamata ambiri kuno tikudalira timageni ta pa foni: uchi, mpunga wa Kilombero, ufa wa moringa, malambe, sopo wopanga tokha, usipa wotumiza ku Lilongwe. Satifiketi zakunja n'zodula, ndipo mlimi mmodzi payekha sangazikwanitse. N'chifukwa chake ambiri omwe ali nazo anadutsira m'makopaletivi. Kusakhala ndi chidindo sikutanthauza kuti katundu wanu ndi woipa. Agogo omwe amalima chinangwa popanda feteleza ku Liwaladzi alibe satifiketi iliyonse, koma palibe amene angawaphunzitse za organic.

Chofunika n'kunena zomwe mungathe kuonetsa. M'malo molemba "100% organic certified", lembani kuti "uchi wa m'ming'oma yathu, sitinathiremo shuga, bwerani mudzaone". M'malo mwa "eco rice", nenani mudzi womwe walimidwa ndi zomwe munathira m'munda. Musakope logo ya bungwe pa intaneti n'kuimata pa botolo lanu, chifukwa umenewo ndi mlandu, ndipo kasitomala mmodzi akazindikira, gulu lonse lidziwa tsiku lomwelo. Geni ikamakula, yambani ndi kufunsa a MBS za kalembetsedwe ka mabizinesi ang'onoang'ono, kenako ganizirani zolowa m'gulu ndi anzanu.

Ngati mwakumana ndi chizindikiro chomwe sichinatchulidwe pano, chijambuleni n'kuchiyesa ndi mafunso asanu aja. Chikalephera pa funso lachiwiri ndi lachitatu, lipirani mtengo wa katundu wamba, kapena musiyeni pa shelefu pomwepo.